Injini Ziwiri pa Foni ya Bambo

Ndinaganiza zochoka ndili chagada pansi pa minibasi, oyilo akundidonthera pachipumi. Munali mu 2011, chaka chimene petulo anasowa mpaka magalimoto kumagona pamizere. Galimoto yosayenda siwonongeka, ndiye ife amakaniko tinangoti manja lende, ndipo minibasi imeneyo inali ntchito yokhayo sabata yonse. Malume anga a ku South Bend, ku Indiana, anali atanena kale kuti ndikapeza chitupa cha mlendo akandilandira. Nditatuluka pansi paja ndinawauza bambo ndisanapukute n'komwe m'manja.

Bambo anga, a Mbewe, ndiwo anali eni galaja yathu pa Bangwe. Iwo sankakonza galimoto ndi maso. Ankauza mwini wake kuti alize injini, n'kupendeketsa mutu pang'ono, kenako n'kunena chavuta asanatsegule boneti. Ali mnyamata anagwirapo ntchito pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, kumene bwana wawo anali ndi chigalimoto cha ku Amereka cha masilinda asanu ndi atatu, ndipo chiyambire pamenepo tigalimoto ta injini zazing'ono ankatiyesa zidole. Galimoto ndi chifuwa, ankatero.

"Pita, Lameki," anandiuza tsiku limenelo. "Koma zaka ziwiri basi. Ukaone zigalimoto zawo zija, ubwere udzandiuze ndi pakamwa pako ngati zikadali monga ndimazikumbukira."

Ndinalonjeza zaka ziwiri. Ndinakhala zisanu ndi ziwiri, ndipo zimene ndikulemba pano n'zimene ndinkayenera kuwauza iwo nthawi imene anandipatsa ija.

Ku South Bend kunalibe galaja yondidikira. Malume anandipezera ntchito kunyumba yosungira okalamba, kusambitsa agogo a eni ake ndi kuwasintha zofunda. Manja anga, amene anali asanayerepo chibadwire, anayera mbee mpaka ndinkachita nawo manyazi. Ndinkagona m'chipinda chapansi kwa malumewo, ana awo ndikawalankhula m'Chichewa ankamva zonse koma n'kundiyankha m'Chingerezi, mwaulemu ndithu, monga ayankhira munthu wodzakonza paipi. Miyezi isanu ndi umodzi ya chitupa changa itatsala pang'ono kutha, malume anandikhazika pansi.

"Mphwanga, udisaide bwinobwino. Ukangoovasiteya chaka chitupa chitatha, tsiku lomwe udzatuluke dziko lino ndiye zaka teni osalowanso. Palibe zoti ndikaone kumudzi ndibwere."

Ndinakhala. Walira mvula walira matope. Bambo atafunsa za ntchito ndinati ndili pa galaja, ndipo limenelo linali bodza loyamba. Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse kwa mlongo wanga Esinati, amene ankawasamala chimwalirire mayi, ndipo ndalamazo zinkandithandiza kuti pasakhale wofunsa zambiri.

Mu 2013 ndinasamukira ku Indianapolis, nditamva kuti mzungu wina dzina lake Gary, wa galaja ya kufupi ndi Lafayette Road, sankafunsa mapepala bola munthu adziwe kugwira sipanala. Ntchito yake inali yachilendo kwa ine. Ankakonzekeretsa magalimoto a anthu olemera amene Loweruka ankapita nawo ku bwalo lothamangirapo, chakumadzulo kwa mzinda, pakati pa minda ya chimanga. Kumeneko kunalibe mphoto. Madokotala ndi eni mabizinesi ankalipira kuti azungulire tsiku lonse, kutha matayala atsopano mwadala. Ine amene ndinakula ndikumata tayala limodzi kasanu ndinkaona ngati ufiti.

Kubwalo kuja anthu anali magulu awiri, ndipo sankatha kunyozana. Ena anali a zigalimoto za ku Amereka komweko, zimene amati za minofu: chimphuno chachitali, masilinda asanu ndi atatu, kulira kwake kumveka m'mimba. Zimenezi n'zimene bambo ankalota. Ena anali a tigalimoto totsika ta ku Jeremani ndi ku Japani, topepuka, ta mipando iwiri, tolira ngati makina osokera. Ntchito yanga inali kusintha matayala, kuyeza mpweya wake, ndi kuima pakhoma ndi wotchi m'manja, kuwerenga nthawi ya raundi iliyonse. Chiwongolero sindinachigwirepo pabwalo limenelo ngakhale kamodzi.

Loweruka loyamba ndinajambula kulira kwa chigalimoto chofiira chikudutsa pamsewu woongoka, n'kutumiza pa foni imene ndinagulira Esinati. Lolemba ndinapeza uthenga wa mawu. Bambo ankaseka ngati mwana.

"Ndi chimenecho! Ndi chimenecho, Lameki! Koma uwauze kuti silinda imodzi ikujomba chikafika pamwamba. Aone mapulagi."

Ndinamuuza Gary, iye n'kundiyang'ana ngati ndapenga. Titamasula tinapeza pulagi imodzi yosweka. Anafunsa kuti ndi kompyuta yanji imene yandiuza, ndinati ndi nkhalamba ya ku Bangwe, ndipo sabata imeneyo anandikwezera malipiro. Chiyambire pamenepo kalata zanga kwa bambo zinali injini. Loweruka lililonse ndinkatumiza ziwiri kapena zitatu, iwo n'kuyankha. Zinali zondipepukira, chifukwa injini ikamalira ine sindinkafunika kunena chilichonse. Mawu anga mu uthenga wonse ankakhala ochepa: iyi ndi yaikulu ija, iyi ndi yaing'ono.

Vuto linali wotchi. Pamsewu woongoka chigalimoto cha minofu chinkasiya kanzake kutali ngati kaima. Koma bwalo lija linali ndi makona khumi, ndipo pakona mphamvu sithandiza munthu. Chigalimoto cholemera chimayamba kuponda mabuleki kutali, chimalowa pakona mphuno ikukankhira kunja, matayala akutsogolo akulira, ndipo potuluka woyendetsa akaponda moto msanga matako a chigalimotocho amagwedera. Kagalimoto kopepuka kankafika pakona pomwepo ndiye kaponde mabuleki, n'kukhota ngati kali panjanji. Zimene kataya poongoka kankazibweza m'makona atatu. Zikazungulira kanayi kapena kasanu mabuleki a chachikulu chija ankatentha, kununkha mpaka pakhoma pamene ndinaima, phazi la woyendetsa n'kumalowa pansi ngati waponda phala. Kaching'onoko kankangozungulira mpaka mafuta kutha. Pa raundi iliyonse wotchi yanga inkapatsa kaching'ono masekondi awiri kapena atatu. Kuthamanga si kufika.

Bambo anafunsa funso limene ndinkaliopa. "Nanga zikaima pamodzi, imapambana ndi iti?"

Ndinati yaikulu. Ndinatero chifukwa anali atasangalala, ndiponso chifukwa munthu amene wanama kale za ntchito yake, za kumene amagona ndi za tsiku lobwerera saona vuto kuwonjezerapo galimoto. Anayankha kuti ankadziwa kale, tizidole tija sitingalimbane ndi chifuwa. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse chigalimoto cha bambo chinkaluza pabwalo n'kupambana pa foni.

Masiku ano ndikamadutsa pa Limbe anthu amandifunsa kuti ku Amereka kunali bwanji, ndipo ndimati kunali kozizira. Sindiwauza kuti ndinkakhala m'chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya anthu a ku Mexico, kuti Lamlungu ndinkatha tsiku lonse osatsegula pakamwa, kuti nyengo yachisanu bwalo likatsekedwa ndinkabwereza kutumiza injini zakale kuti bambo asadziwe kuti kulibe ntchito. Mkazi amene ndinamusiya nditamutomera anakwatiwa mu 2014, ndipo sindimuimba mlandu. Galimoto ya apolisi ikandilondola kumbuyo thukuta linkatuluka ngakhale kukugwa sinowo. Kutchalitchi cha Amalawi anzanga ndinasiya kupitako, chifukwa manesi ndi ophunzira a kumeneko ankafunsa mwachikondi kuti mapepala afika pati, ndipo ine chikondi chimenecho chinkandiwawa. Ndinali wosungulumwa, ndipo ndinkafunitsitsa kuwauza bambo, koma ndinkati ndidzawauza ndikadzakhala nawo pafupi, osati pa foni.

Chakumapeto kwa 2016 mayankho awo anasintha. Ankakuwa kwambiri, ndipo ankanena zomwezomwezo: ikulira bwino, mafuta ake ndi abwino, yaikulu ija ndi mfumu. Ndikaimba kuti tilankhulane Esinati ankati agona, kapena apita kumaliro. Tsiku lina ndinatumiza injini yogogoda moti ngakhale wogulitsa tomato akanamva kuti yatha. Anayankha kuti imeneyo ndiye ili bwino zedi. Ndinapsa mtima. Ndinaganiza kuti atopa nane, akungoyankha kuti ndalama zisasiye kubwera, ndipo ndinatha milungu itatu osatumiza kanthu. Maganizo amenewo ndimachita nawo manyazi kuposa mabodza onse aja.

Chimene chinandichotsa ku Indiana chinali chisangalalo. Mu 2018 kasitomala wina anabwera ndi chigalimoto cha minofu chatsopano, cha mtundu umene opanga anali atauphunzitsa kukhota: mabuleki aakulu ngati mbale, matayala otambalala, miyendo yolimba, ndi zoziziritsira oyilo. Kulemera kunalipobe, koma pakona sichinkagwederanso, ndipo mabuleki anapirira mpaka madzulo. Tsiku limenelo chinasiya kagalimoto ka ku Jeremani ndi sekondi yathunthu, raundi ndi raundi. Ndinayang'ana wotchi kawiri, Gary akukuwa ngati wagoletsa chigoli. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu ndinawatumizira bambo zoona, ndipo ndinalankhula nthawi yaitali.

Yankho linabwera Lolemba. "Ikulira bwino. Yaikulu ija ndi mfumu."

Mawu omwewo, kamvekedwe komweko. Zoona zanga ndi mabodza anga zinalandira yankho limodzi. Ndinakhala pa tayala kuseri kwa galaja ndipo ndinalira ngati mwana, masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinaona kuti munthu amene bambo ankamuyankha sanali ine, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe. Ndinagulitsa zida zanga. Malume anabwera kuchokera ku South Bend kudzandiletsa, akuti ndawesita zaka zonsezi, koma tikiti inali kale m'thumba. Ndinadziwa kuti chitseko chikatsekeka kumbuyo kwanga ndi zaka khumi.

Esinati anandilandira ku Chileka. M'galimoto ankalankhula za mitengo ya zinthu ndi za anthu amene anamwalira, osandiyang'ana. Titadutsa Limbe anauza woyendetsa kuti aime pambali.

"Achimwene, pali nkhani. Bambo samva."

Ndinafunsa kuti samva bwanji.

"Samva olo pang'ono. Anadwala malungo aakulu chaka chija, atachira makutu anali atapita. Mukatumiza injini ndinkawalembera papepala kuti mwatumiza, iwo n'kugwira foni n'kumalankhula za m'mutu."

"Zaka ziwiri, Esinati? Osandiuza?"

"Anandiletsa. Anati munthu ali paulendo sauzidwa za matenda, angasiye ntchito yabwino n'kubwera chimanjamanja. Ankati inu muli pabwino, mukuyendetsa magalimoto a mpikisano, tisakusokonezeni."

Ndinafuna kumukalipira, koma ndikanayambira pati? Kwathu timatero, ndipo ndinali nditachita zomwezo. Iwo ankabisa kuti ine ndisavutike, ine ndinkabisa kuti iwo asavutike, ndipo tonse tinasamalirana mpaka panalibenso chotsala.

Ndinawapeza atakhala pabenchi kutsogolo kwa galaja, imene tsopano akubwereka anthu owotcherera mageti. Chitsulo chinkalira kumbuyo kwawo, iwo osatembenuka n'komwe. Atandiona anaimirira, n'kundigwira mapewa, n'kunena mokuwa kuti ndanenepa. Esinati anabweretsa kope ndi bolopeni, koma maso a bambo amangotha zilembo zazikulu, mawu awiri kapena atatu. Zaka zisanu ndi ziwiri sizikwana m'mawu atatu.

"Khala apa!" anakuwa. "Undiuze tsopano!"

Ndinakhala pabenchipo ndipo ndinawauza. Ndinanena za agogo amene ndinkawasambitsa, za chipinda cha pamwamba pa sitolo, za mantha, za Malamlungu opanda mawu. Ndinati sindinayendetsepo galimoto pabwalo lija, ndinkangogwira wotchi. Ndinati kagalimoto kakang'ono kaja ndi kamene kankapambana zaka zonse, kupatula tsiku limodzi, ndipo ndinawanamiza. Ndinati ndinawaganizira zoipa. Ndinapepesa. Owotcherera aja anazimitsa makina awo, Esinati analowa m'nyumba akupukuta m'maso, moti anthu onse pamalopo anamva kupatula munthu mmodzi.

Bambo ankayang'ana milomo yanga akumwetulira, akugwedeza mutu pamalo osayenera. Nditamaliza anandimenya pabondo mokondwa.

"Eya! Ndinakuuza ine! Yaikulu ija!"

Ndinavomera ndi mutu.