Ndinkalawa Vinyo N'kulavula, Mpaka Tsiku la Mgonero

Ine sindine wolankhulalankhula. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7. Koma nkhani iyi ndiinena, kuti wina asagwere m'dzenje limene ndinagweramo ine. Ndinanamiza mkazi wanga kwa nthawi yaitali. Amene anandiulula si munthu ayi. Ndi pakamwa panga pomwe, m'tchalitchi, pamaso pa mpingo wonse.

Ndiyambire pa mowa. Kumudzi ndinali chidakwa, osati chamasewera. Ophika kachasu onse ankandidziwa ndi kakhosomoledwe komwe. Mkazi wanga, mayi a Tadala, ndi amene anatsogola kubwera ku Ireland kuno, napeza ntchito yoyeretsa m'mahotela. Pofuna kundiitanitsa anaika lamulo limodzi pamaso pa ankhoswe: mowa basi. Ndikadzangoyambiranso, banja latha. Ndinavomera, ndipo ndinasunga. Zaka zoyambazo ndikafika pakhomo ankati, "Tapumirani kuno," kuti amve fungo. Kenako anasiya. Tsiku limene anasiya ndinadziona kuti ndine munthu.

Ntchito ndinaipeza ku site yomanga nyumba. Nthawi imeneyo Dublin yonse inali simenti yokhayokha. Tinkachita lendi ku Balbriggan. Ku tchalitchi kwathu, kumene timasonkhana Amalawi ndi anzathu a ku Zambia mu holo yobwereka, anandisankha kukhala mkulu wa mpingo. Ine amene, chidakwa chija.

Ndiye kunabwera chimene eni dziko amati recession, kugwa kwa chuma. Tsiku lina tinapeza geti la ku site lili ndi loko. Nyumba zinatsala zopanda madenga. Ndinakhala pakhomo. Inu owerenga, mwamuna wokhala pakhomo pamene mkazi akulawirira kukakwera sitima, amaonda mumtima. Ndinkasesa. Ndinkatsuka mbale. Ndikamaliza ndinkayang'ana mvula pawindo.

Kapitawo wathu ku site anali mzungu wina, ndimutchule kuti Kevin. Nayenso ntchito inamuthera. Mwana wake anapita ku Australia kukasaka ntchito, iye n'kutsala yekha. Chimodzi chimene sanasiye ndi vinyo. Osati kumwa monga timwera ife. Kulawa. Anali m'kagulu koyendera zionetsero za vinyo, ndipo tikiti yake inali ya anthu awiri. Kale ankapita ndi mwana wake uja. Anandiimbira foni kuti tipitire limodzi.

Ndinamuuza kuti ine sindimwa. Anaseka. Anati kumeneko palibe amamwa, umangolawa n'kulavula. Ndinati bodza. Ndinapita kuti ndikamugwire bodzalo.

Sankanama. Holo yaikulu ya mu hotela, matebulo mbali zonse, ili la France, ili la Chile, ilo la South Africa. Abambo a masuti, amayi a nsapato za gogoda. Aliyense akupatsidwa kavinyo pang'ono, akuika m'kamwa, n'kulavulira m'tizidebe tonyezimira ngati odwala kuchipatala. Kwathu ukalavula chimene wakupatsa mwini nyumba ndi mlandu. Kuno ndiye ulemu wake.

Kevin anandiphunzitsa. Tambula uigwire kumwendo. Uigwedeze kuti vinyo azungulire. Uikweze uone mtundu. Ulowetse mphuno yonse. Uthire pang'ono m'kamwa, ukoke mpweya pakati pa mano mpaka limveke phokoso ngati la sinki ikamameza madzi. Uchukuche. Kenako chidebe. Pomaliza unene zimene wamva.

Iye ankati wamva zipatso, chikopa, mtengo wakutiwakuti. Ine sindinamve kanthu. Koma mayi wa pa tebulo la France anandiyang'anitsitsa, akudikira. Ndinati vinyo wake akununkha ngati thumba la simenti lonyowa. Ndinkati andithamangitsa. Anawomba m'manja. Anaitana mnzake kuti ndibwereze. Anati ndili ndi mphuno yosowa. Tebulo lotsatira ndinati bwemba. Bwemba sankamudziwa, koma onse anagwedeza mitu.

Musandiseke msanga. Miyezi yonse ija palibe anandifunsapo maganizo anga pa chilichonse. Apa anthu a masuti akundikodola kuti ndibwere ndidzanunkhize. Ndinakodwa pamenepo, vinyo anabwera pambuyo.

Ndinadziuza kuti kulavula si kumwa. Ndinadziuzanso kuti mayi a Tadala sangamvetse, ndiye bola asadziwe. Kevin akaimba, kunyumba ndinkati ndikukasaka ntchito. Tinayenda. Mahotela a m'tauni, masitolo amene ankalawitsa anthu ulere poti ogula anasowa. Tsiku lina gulu lonse linapita kumunda wa mphesa, kumpoto kwa Dublin komwe kuno. Ndinkayembekeza esiteti ngati za tiyi ku Thyolo. Ndinapeza kadimba. Mphesa zake zofunditsidwa mapulasitiki ngati makanda, kuopa mvula. Mwini wake anatiyendetsa m'matope tsiku lonse, akukamba za mtengo uliwonse ngati mwana wake. Kunyumba ndinati ndinakafunsa ganyu ku famu. Matope a nsapato anandiikira umboni. Mayi a Tadala anazitsuka okha nsapatozo, akundilimbitsa mtima kuti Mulungu akuona.

Chinanso ndivomere. Tebulo loyamba umalavula zonse. Apakati umalavula zambiri. Pofika lomaliza chidebe chimakhala patali. Pobwerera m'sitima ndinkatafuna chingamu n'kumapukuta mano ndi kansalu, chifukwa vinyo wofiira amadetsa mano ngati wadya mabulosi.

Mulungu anandichenjeza kamodzi. Sindinamve.

Linali Loweruka, chionetsero chachikulu mu hotela ina ku Citywest. Ndili pa tebulo la Chile, vinyo ali m'kamwa, ndinaona mayi wa yunifolomu yakuda akubwera ndi ndowa yaikulu, akukhuthula tizidebe tija tebulo ndi tebulo. Kayendedwe ndinakadziwa ndisanaone nkhope. Mayi a Tadala. Agency yawo, kampani yowapezera ntchito, imawatumiza kulikonse. Ndinameza osafuna. Ndinadzigwetsa pansi n'kulowa kunsi kwa tebulo, kuseri kwa nsalu. Mkulu wa mpingo, chokwawa pakati pa makatoni. Ndinaona mapazi awo akufika. Anaima. Ndinamva chidebe chimene ndinkalavuliramo chikukhuthulidwa. Anaimabe pang'ono. Kenako anapita. Kevin anakweza nsalu kufunsa ngati ndadwala. Ndinati ndataya batani.

Madzulo mayi a Tadala anafika kunyumba atatopa. Anakhala pampando jekete osavula.

"Bambo a Tadala, ine lero ndaona malodza. Anthu akuluakulu, ena a imvi zawo. Kutenga vinyo wodula, fyooo, fyooo, ngati bakha m'chithaphwi, kenako thu! Ine n'kumawatayira malovu. Kodi anthu amenewa analeredwa?"

"Sanaleredwe," ndinatero.

"Inu mukanaona mukanasanza."

"Ndikanasanza."

Anatsanzira phokoso lija kawiri mpaka anaseka okha. Ine ndinapita kukawatenthetsera chakudya. Munthu wanzeru akanasiya tsiku limenelo. Ine ndinangoyamba kumafunsiratu kumene agency yawatumiza.

Tsopano tsiku la Mgonero wa Ambuye. Dzulo lake tinali titalawa malo awiri, ndiye ndinafika kutchalitchi mutu uli kwina. Ife akulu a mpingo timaima kutsogolo, moyang'ana anthu, ndipo timayamba kulandira ndife. Kwathu sitigwiritsa ntchito vinyo weniweni. Ndi juwisi wofiira m'timakapu ting'onoting'ono. Abusa athu ndi a ku Zambia, munthu wofatsa. Anapemphera. Mu holo munali zii. Anandipatsa kakapu.

Inu owerenga, dzanja lili ndi nzeru zake. Ndinangoona kakapu kakuzungulira. Ndinakakweza chakuwindo. Mphuno inalowa. Ndinathira m'kamwa, ndipo mu bata lonse lija munamveka fyooo. Ndinachukucha. Ndinatembenukira kumanja kufuna chidebe. Kunalibe. Ndinatembenukira kumanzere. Kunali mbale ya chopereka. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene mkulu wa mpingo ayenera kuyang'anira mbale ya chopereka. Pamenepo ndiye ndinadzidzimuka n'kukumbukira pamene ndaima.

Ndinauma. Masaya atafufuma ngati a chule, mpingo wonse maso pa ine. Abusa anasendera pafupi n'kunong'ona, kuiwala kuti maikolofoni ili pachifuwa pawo.

"Ba elder, mezani chabe."

Ndinameza. Nakonso kumezako kunamveka.

Ambiri ankaganiza kuti ndadwala dzino. Mayi wina anati mwina ndi mphamvu ya Mzimu. Munthu mmodzi yekha mu holo monse ankalidziwa phokoso lija. Anali pa mzere wachiwiri, atavala duku loyera. Sanakwinye nkhope. Anangondiyang'ana ngati akukumbukira masiku onse amene ndinapita kosaka ntchito.

Titafika kunyumba mayi a Tadala anauza mwana wathu kuti apite kuchipinda, natseka chitseko.

"Ku Citywest kuja ndinaona nsapato kunsi kwa tebulo," anatero. "Ndinazidziwa. Matope ake ndinatsuka ndine. Koma ndinati ayi, nsapato zimafanana, mwamuna wanga ali kosaka ntchito."

"Ndimalavula."

"Zonse?"

Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Ine kumakupemphererani kuti mupeze ntchito, inu kumandilavulira m'chidebe kuti ndikataye. Chabwino. Tiimbire ankhoswe."

Sanalire. Bola akanalira.

Nkhoswe yanga ndi amalume, kumudzi. Pa foni zinavuta. Ndinawafotokozera katatu. Kenako anafunsa ngati ndikutanthauza kuti mowa wabwinobwino timatayira m'chidebe. Ndinati eya. Anati ndiye azunguwo ndi amisala, ine n'kuwatsatira ndiye wamisala kawiri. Koma atamaliza kudabwa ananena zoona. Anati lamulo lija ndinalivomera ndekha pamaso pawo, ndipo ngati mayi a Tadala atati banja latha, iwo alibe poimira.

Masiku amenewo sindidzawaiwala. Ndinkagona pa sofa. Chakudya ankandipatsa, mawu ayi. Ndinkamva akukoka sutikesi yanga pamwamba pa wadiropu, kenako n'kuibwezera. Ndinamuimbira Kevin kuti tikiti ija apeze wina. Kutchalitchi ndinapita ndekha kwa abusa n'kunena zonse. Anandipempha kuti ndipume kaye pa udindo.

Tsiku lina m'mawa mayi a Tadala anaponya yunifolomu yakuda pa sofa.

"Agency ikufuna amuna onyamula ndowa pa chionetsero cha Khirisimasi. Ndakulembetsani. Paja zidebe mumazidziwa."

Ndinavala.

Inu owerenga, ndowa imeneyo imalemera. Ndipo musayang'anemo. Zimene ndinkaziona ngati zaulemu ndili mbali ya masuti, mbali ya ndowa ndi malovu basi. Mayi wa ku France uja anandizindikira. Anakondwa, nanditambasulira tambula kuti ndinunkhize. Ndinayang'ana kutsidya kwa holo. Mayi a Tadala anali ataima ndi ndowa yawo, akundiona. Ndinaloza chidebe, ndinakhuthula, ndinapita.

Kevin analiponso. Atandiona ndi ndowa anafiira nkhope yonse. Anati sangalavule m'chidebe choti akataye ndi mnzake. Ndiye tsiku limenelo anameza zonse, tebulo loyamba mpaka lomaliza. Madzulo, nditamaliza kunyamula ndowa, ndinanyamulanso Kevin kukamuika m'takisi.

Pobwerera m'sitima mayi a Tadala anagona atatsamira phewa langa. Mwina kunali kutopa chabe. Sindinafunse. Sutikesi sinatsikenso.

Agency inanditenga. Mpaka lero ndimagwira m'mahotela. Ntchito imene ndinkanama kuti ndikuisaka ndinaipeza malo omwewo ndinkanamirawo. Banja lilipo. Koma musati zinatha bwino zonse. Udindo sunabwerere. Anyamata a kutchalitchi amanditcha a Mezani Chabe, ndipo dzinalo linafika mpaka kumudzi. Zimenezo ndimapirira.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ndikafika pakhomo, mayi a Tadala amati, "Tapumirani kuno." Zinanditengera zaka kuti asiye mawu amenewo. Ndinawabweretsanso ndekha.

Malangizo anga ndi ochepa. Sindikuti kulawa vinyo n'koipa kwa aliyense. Kevin amapitabe, ndipo ndi munthu wabwino. Koma ngati unasiya chinthu chifukwa chinkakugonjetsa, usakachinunkhize. Mphuno ndi khosi n'zoyandikana. Ngati ntchito yatha ndipo mtima ukufuna wina woti akuyamikire, uuze mkazi wako, usakafune kuwomberedwa m'manja ndi alendo. Ndipo malo aliwonse amene sungauze a kunyumba kuti ukupita, dziwa kuti tsiku lina udzapezeka kunsi kwa tebulo. Nsalu ya pa tebulo ndi yaifupi, abale anga. Nsapato zimaoneka.