Akadzidzi a mu Mkuyu wa Mayi Agnes

Ku Machinjiri konse, Mayi Agnes okha ndi amene ankamva kulira kwa kadzidzi mtima wawo uli m'malo. Anakulira ku Thyolo, kumene bambo awo ankayang'anira nkhokwe za pa esiteti, ndipo bambowo ndi amene anawaonetsa timibulu totuwa timene kadzidzi amasanza. Ukaphwanya kamodzi, mkati mumangotuluka ubweya ndi timafupa ta khoswe.

Amuna awo atamwalira anatsala ndi nyumba, kamunda kokwera m'phiri, ndi mkuyu waukulu kuseri kwa bafa. Mu mphako ya mkuyuwo munkakhala akadzidzi awiri. Chaka ndi chaka chimanga cha Mayi Agnes chinkagona m'matumba mpaka kukumana ndi china, pamene anzawo ankavutika ndi misampha. Chimangacho ndiye chinali moyo wawo, chifukwa ntchito analibe, penshoni analibe.

"Dzuwa limalowa m'chimanga, chimanga chimalowa mwa khoswe, khoswe amalowa mwa kadzidzi," ankatero akamasesa timibulu tija m'mawa, n'kukatithira m'dzenje la manyowa. "Ukachotsa kadzidzi, thukuta lako lonse lithera pa khoswe."

Namondwe Freddy atakokolola nyumba ku Manje, Mayi Agnes analandira Lilian, mnzawo wa ku kwaya, pamodzi ndi mwamuna wake Ramsey. Anthuwo anafika ndi zovala za m'thupi zokha, matope mpaka m'khosi. Anawapatsa chipinda, anawapatsa mabulangete, ankadya mbale imodzi. Lilian pakamwa pake panali "achemwali, achemwali" tsiku lonse, ndipo Mayi Agnes sankamubisira kanthu. Ngakhale timafupa tija anamuonetsa, akumufotokozera bwinobwino ngati m'bale wawo.

Kenako Ramsey anayamba kutupa miyendo. Kuchipatala ananena kuti ndi impso, koma pa kiyosiki ya madzi amayi anali ndi matenda awoawo: mbalame ija imalira pafupi ndi zenera la wodwala. Ndipo amene anathira mafuta pamoto anali Lilian yemweyo. Iye ndiye anaulula kuti achemwali ake amatola masanzi a kadzidzi m'mawa uliwonse n'kukawakwirira. Koma anthu, ayi ndithu!

Mayi Agnes anapita ku Thyolo kumaliro a azakhali awo. Pobwerako, atatsika minibasi n'kukhotera njira ya kwawo, anaona kumwamba kuli mbee pamalo pamene pankakhala mthunzi. Mkuyu unali gonee pansi, amuna akuudula nkhuni. Pambali panali phulusa lonunkha nthenga.

"Wawatsegulira geti ndani?" anafunsa Mayi Agnes, chikwama chikadali m'manja.

Lilian anayang'ana pansi. "Achemwali, munthu akudwala m'nyumbamu. Ndikanatani ine?"

"Iwe Lilian, iwe? Ndinakuonetsa ndi maso ako zimene mbalamezi zimadya. Unazigwira ndi dzanja lako!"

"Ndinaona mafupa, achemwali. Sindikudziwa kuti ndi a chiyani."

Mawu amenewo anawapweteka kuposa mtengo. Sanatukwane, sanathamangitse munthu, koma mumtima munawawa koopsa, moti kwaya anaisiya. Pasanapite nthawi, Lilian ndi Ramsey anasamukira m'kanyumba ka lendi kumunsi kwa msewu, osatsanzika n'komwe.

Makoswe sanachedwe. Anayamba ndi kudenga, kenako anaboola matumba, mpaka ankadutsa pamapazi masanasana ngati nyumba ndi yawo. Oyandikana nawo anagula mankhwala ku msika n'kumwaza paliponse. Anafa makoswe angapo, kenako amphaka amene anadya makoswewo, kenako nkhuku za Mayi Agnes zonse. Makoswe otsalawo anaswana mwa ufulu, chifukwa panalibenso wowaopsa. Miyendo ya Ramsey nayo sinaphwe.

Mu Januwale, njala itafika pachimake, Lilian anatulukira pageti atanyamula kabeseni, nkhope itagwa.

"Odi, achemwali. Abambo kunyumba sakudya chilichonse koma phala. Tagawaniko pang'ono."

Mayi Agnes anamutsegulira geti. Mkwiyo unalipo, koma Ramsey sanawalakwire, ndipo anadziwa kuti akanakhala ndi chimanga akanapereka ndithu. Anamugwira dzanja n'kulowa naye kuchipinda kosungira. Anamasula thumba lomaliza, nalipendekera m'kabeseni muja. Munagwa madeya, ulusi wa thumba wotafunidwa, ndi zitosi zakuda za makoswe. Anakutumula mpaka thumba linatha.

"Tenga, mng'ono wanga," anatero Mayi Agnes, misozi ikutsika. "Ndi chomwechi chimene wandisiyira. Ineyo ndikudya chomwechi."