Uvuni Ulibe Mlandu

Kapitawo wa pabekale ina anali mayi wosapsatira mawu. Ukachedwa ankakudzudzula pamaso pa anthu, ukatapa shuga ankakutchula dzina. Koma munthu aliyense ali ndi pofewa pake, ndipo pofewa pa mayiyu panali amalume ake, amene anamulera mayi ake atamwalira. Amalumewo ndiwo ankaotcha buledi pabekalepo kuyambira iye ali kamtsikana, koma tsopano maso awo anali atachita ng'ala. Buledi ankatuluka wakuda kunsi, ogula ankabweza. Iye ankadziwa kuti mwini bekale akangomva chifukwa chake, ntchito ya nkhalambayo yathera pomwepo.

Tsiku lina mwiniwakeyo anamuitana. "Sonkhanitsani anthu anu mukambirane mavuto. Musankhe lalikulu limodzi, mundibweretsere pamodzi ndi njira yolithetsera."

Ntchito ya m'mawa itatha, Kapitawo anakankhira matebulo okandirapo kukhoma, anthu n'kukhala pa matumba a ufa. Anayala mathireyi akale pansi chafufumimba kuti pa thireyi iliyonse alembepo vuto limodzi ndi choko. Kenako anagawira aliyense zitsekerero za mabotolo zovotera.

"Lamulo ndi limodzi," anatero. "Tikumenya vuto, osati munthu. Palibe kutchulana mayina."

Lamulo labwino ndithu, koma mumtima ankadziwa amene ankamutchinjiriza nalo.

Dalaivala anadandaula za matayala operepeseka. Mayi wokulunga buledi anatchula masitepe othyoka a kosungira ufa, akuti tsiku lina adzatsika nawo ndi msana. Anthu anaseka, Kapitawo n'kulemba. Kenako wokanda ufa, bambo wa mawu ochepa, anati chapansipansi, "Buledi akumapsa."

Palibe anayang'ana kumene kunakhala amalume.

"Zoona zimenezo," Kapitawo analumphira. "Uvuni uja watopa." Ndipo analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti UVUNI WAKALAMBA. Choko chinathyoka m'manja mwake. Uvuniwo unali utakonzedwa posachedwapa, ndipo amene anaitana mmisiri anali iye yemweyo.

Povota anayamba yekha, dala, kuti ena aone kolowera. Enawo anatsatira mmodzimmodzi, maso pansi, zitsekerero kugwera pa thireyi ya uvuni, ngwe, ngwe. Masitepe othyoka aja sanapeze n'chimodzi chomwe, ngakhale cha mwini dandaulo. Kapitawo anafuna kusangalala, koma chimwemwe chinakana. Anali atanamiza anthu, anthuwo n'kumuthandiza kunama, ndipo zinamuchititsa manyazi kwambiri.

Otsiriza anali amalume. Anadzuka, n'kuima pamwamba penipeni pa zilembo zazikulu ngati chikhatho zija, akutsinzinira.

"Ya uvuni ndi iti, mwanawe?"

Iye analoza ndi chala. Kenako anazindikira kuti ngakhale chalacho sakuchiona bwino, ndiye anati, "Ili pamapazi panupo, amalume."

"Imeneyi sindiponyapo." Anafumbata zitsekerero zawo. "Uvuni ulibe mlandu. Ndakhala nawo zaka zambiri, sunandinamizepo, ndiye inenso sindiunamizira. Ndi maso angawa. Buledi akafiira sindionanso, ndimangomva fungo, ndipo fungo likamafika amakhala atapsa kale. Wati tisatchule mayina, koma langa ndiye nditchula ndekha."

Kapitawo analakalaka pansi patang'ambika kuti alowe. Iye amene ankadzudzula anthu pa kasupuni ka shuga, lero waima kutsogolo ndi bodza lolemba yekha. Anadikira kuti wina anene mawu akuti amalume apume, akalamba.

Wokanda ufa anatsokomola. "Achikulire, kukanda sikufuna maso. Mtanda mumaudziwa ndi manja kuposa tonsefe. Bwerani kutebulo kwanga, ine ndipite ku uvuni. Muzingondiuza za moto."

"Basitu, nkhani yatha," anatero dalaivala. "Tsono tichotse zitsekererozi tiike pa masitepe, mayiwa asanatsike ndi msana."

Anthu anaseka, nthawi ino kuseka kwenikweni, akutolera zitsekerero zawo. Amalume nawo anaseka, akufunsa kuti thireyi ya masitepe ndi iti. Chinthu chimene chinamudya Kapitawo mumtima chaka chathunthu chinatha madzi a tiyi asanawire n'komwe.

Ena atabwerera kuntchito, iye anagwada n'kuyamba kufuta zilembo zija ndi nsanza yonyowa. Mayi wokulunga buledi anali akusanja mathireyi pambali pake.

"Kodi munkadziwa nonse?" Kapitawo anafunsa osadzutsa mutu.

"Kalekale. Zosinthanazi tinapangana chaka chatha."

"Nanga osandiuza bwanji?"

Mayiyo anazengereza, n'kuika thireyi pansi pang'onopang'ono.

"Bwana sitinkawaopa ayi, amayi. Tinkaopa inuyo."