Tsiku Limene Tinathyola Fodya Wamame

Mpaka lero ndikamva pa wailesi akunena kuti matimu akuluakulu a mpira amayendayenda m'maboma kusaka ana aluso, ndimangoyitseka. Kusaka kwake kuti? Ine ndinaona ndi maso angawa mmene amasakira, ndipo mmodzi mwa osakidwawo anali mlongo wanga, chitsirizira m'nyumba mwathu.

Kwathu ndi kufupi ndi Mtunthama, ndipo ndife alimi a fodya wa bale chibadwire. Mnyamatayo mpira ankaudziwa. Sindikumukometsera chifukwa ndi m'bale wanga ayi, paja ine ndi iye tinkakangana ngakhale pa nkhani ya sopo. Ankasewera pakati. Mpira ukafika paphazi pake, amayi ogulitsa zitumbuwa ankasiya mabeseni awo n'kuthamangira kumzere. Sukulu ndiye inamukana, anaisiyira panjira. Tonse m'nyumbamo tinkadziwa kuti mpira ukapanda kumutulutsa m'mudzi muja, adzakalambira m'chigafa akusoka fodya ngati abambo athu.

Uthenga unabwera ndi aphunzitsi a kupulayimale, omwe ankaphunzitsanso timu ya m'mudzi. Anafika panjinga ali wefuwefu, n'kunena kuti timu ina yaikulu ya mumzinda ikutumiza anthu ake ku Boma Loweruka kudzasankha anyamata. Tsiku limodzi lokha, kuyambira masana. Amene amusankhe akakhala kumzinda, akamudyetsa, akamuphunzitsa mpira weniweni.

Mlongo wanga sanadye tsiku limenelo. Ankangozungulira pabwalo, kumwetulira yekhayekha.

Vuto linali lakuti munali mu Febuluwale. Masamba a m'munsi anali atapsa, achikasu munda wonse, ndipo mvula inkagwa tsiku ndi tsiku. Fodya wotere sadikira munthu. Ukamusiya amawolera pamtengo pomwepo. Ogwira ntchito tinali abambo, amayi, ine ndi iyeyo, ndipo abambo msana unali utayamba kale kuwavuta. Wonyamula weniweni anali mnyamatayo.

Musaganize kuti abambo ankadana ndi mpira. Ankakonda kuima kuseri kwa golo, manja kumbuyo, ngati angodutsa, koma mwana wawo akadyetsa munthu njomba ankatsokomola mokweza kuti aliyense awaone. Lachisanu madzulo anakhala pakhonde nthawi yaitali akuyang'ana kumunda. Kenako anati, “Tilawirira. Tikayambe kukangoyera, dzuwa likamakwera tikhale titamaliza chigawo cha kudambo. Mwanayu apite.”

“Nanga mame?” anafunsa amayi.

Funso limenelo linali ndi mutu. Kwathu fodya sitithyola ali wonyowa. Timadikira dzuwa liumitse masamba, chifukwa madzi a pamasambawo amalowa m'thupi kudzera pakhungu, munthu n'kuledzera ngati wamwa kachasu: chizungulire, nseru, kusanza, mawondo zii. Mwana aliyense wa mlimi wa fodya amazidziwa. Koma tikanadikira dzuwa, mnyamatayo sakanafika ku Boma nthawi yabwino.

“Mmawa umodzi wokha,” anatero abambo. “Ndi mwana wamphamvu uyu.”

Palibe amene anatsutsa. Tonse tinkaona ngati tapeza nzeru yabwino.

Kutacha tinapeza kuti mvula inagwanso. Munda wonse unali wonyowa, masamba akudontha. Tisanamalize mzere woyamba zovala zinali zitatimatirira pathupi. Ine ndi amayi tinadzikulunga zitenje zakale, abambo anavala jekete lawo long'ambika, koma mlongo wanga anavula malaya n'kuwaponya pachitsa. Anati akumulemera. Ankathyola mizere iwiri nthawi imodzi, masamba n'kumawapanikiza m'khwapa, akachuluka n'kuwasenza paphewa, kuthamanga nawo kuchigafa, kubwerera akuimba. Madzi a fodya ankayenderera pamsana pake. Ndinamukalipira kuti avale, iye anangondiseka.

“Achemwali, inu ntchito yanu ndi kukalipa basi. Mudzandikalipire pa wailesi yakanema.”

Tinamalizadi dzuwa lisanatenthe. Mlongo wanga anasamba mothamanga pamjigo, utomoni wakuda wa fodya osachoka bwino m'manja. Phala anakana, akuti akufuna thupi lipepuke. Abambo anamuperekeza mpaka pamsewu, n'kungomuuza kuti, “Ukasewere ngati uli pabwalo lathu lino.”

Aphunzitsi anali atatsogola kale ndi anyamata ena palole. Ife tinakwera njinga yamoto ya kabaza, iye pakati, ine kumbuyo. Ndinakakamira kupita chifukwa ndinkafuna ndidzaone ndekha, ndisadzamve za m'maluwa.

Tili panjira ndinaona wayamba kulavulalavula. Ndinati mwina ndi fumbi, koma fumbi lanji dzinja? Kenako anatembenuka pang'ono.

“Achemwali, auzeni ayendetse pang'onopang'ono.”

Ndinamugwira pakhosi. Panali pozizira, pali thukuta. Ndinamuuza wakabaza kuti aime. Tinaima m'mbali mwa munda wa chimanga, iye n'kugwada, kusanza madzi okhaokha poti m'mimba munalibe kanthu. Wakabazayo anamuyang'ana m'manja, n'kundiyang'ana ine.

“Mwathyola wonyowa eti? Aaa, mayi, bwererani naye akagone. Ameneyu lero sathamanga.”

“Ndikupita,” anatero mlongo wanga, akupukuta pakamwa. “Ngakhale chokwawa.”

Ndinamugulira madzi pagolosale ina, anamwa pang'ono. Njira yonse yotsalayo ndinamukumbatira kuti asagwe, mutu wake ukugundagunda pamsana pa wakabaza. Ndinkapemphera, koma mapemphero ake anali okalipa.

Pabwalo tinapeza anyamata osawerengeka. Ena ochokera ku Nkhamenya, ena kwa Mwase, ena opanda nsapato, ena atabwereka jombo zazikulu. Anthu a timu ija anali atatu, atakhala pamipando pansi pa mtengo. Wamkulu wawo anali bambo wonenepa wa chipewa chofiira, wezulo ili pakhosi. Kachitidwe kawo kanali aka: amagawa anyamata m'magulu, magulu awiri amasewera kanthawi kochepa, wezulo n'kulira, iwo n'kuloza mmodzi kapena osaloza aliyense, ena alowe. Palibe amene ankafunsidwa kuti amasewera timu yanji, kapena kuti wachokera kutali bwanji. Mwana woti wakhala akusewera zaka zonsezo ankamuweruza pa nthawi yosakwana kuwiritsa madzi a tiyi.

Aphunzitsi atamuona mlongo wanga anagwira pakamwa. Milomo yake inali mbuu, maso olowa. Anali atamuika kale m'gulu lomwe linali pafupi kulowa. Ndinati ayi, ndipita ndekha ndikapemphe amuike m'gulu lomaliza, mwina pofika madzulo thupi likhalako bwino. Ndinafika pafupi ndi mipando ija, ndinanjuta bwinobwino.

“Pepani bwana, ndili ndi pempho.”

“Makolo kunja kwa chingwe, mayi,” anatero wa chipewa uja osandiyang'ana n'komwe.

“Mwana wathu wadwala panjira, ndimati...”

“Kunja kwa chingwe.”

Ndinabwerera kunja kwa chingweko. Wezulo inalira, mlongo wanga n'kulowa.

Abale, kuyamba kwake! Mpira woyamba anaulandira pachifuwa, kuutsitsa, kutembenuka, mnyamata wamtali amene ankamutchinga n'kutsala kukamwa kuli yasa. Wachiwiri anaupatsira pakati pa anthu awiri otchinga kumbuyo, unangodutsa ngati waulozera ndi chala, mnzake wakutsogolo n'kumwetsa chigoli. Anthu anakuwa. Ndinaona wa chipewa uja akukweza mutu kuchoka pafoni yake, n'kugunda mnzake ndi chigongono. Ine ndinaluma chitenje. Ndinkangoti Ambuye, pang'ono pokha, mumugwirizize pang'ono pokha, wezulo ilire.

Wezulo sinalire. Ndinaona wayamba kuthamanga mokhotakhota. Anaima, manja pamawondo. Mnzake anamupatsira mpira, unamudutsa pafupi ndi phazi iye osauona. Anayesa kuutsatira, anadzandira, n'kugwada pakati penipeni pa bwalo, kusanza pamaso pa anthu onse aja.

Kuseka kunayambira kumbali ya anyamata a pa Boma.

“Matsire amenewo!”

“Wa masacheti uyo! Mutulutseni!”

Wa chipewa anaimba wezulo, n'kukupiza dzanja ngati akuingitsa nkhuku. Aphunzitsi ndi mnyamata wina anamunyamula m'khwapa kupita naye pamthunzi.

Chingwe chija sindikukumbuka kuti ndinachidumpha bwanji. Ndinangozindikira ndaima kutsogolo kwa bambo uja.

“Bwana, mwanayu samwa mowa. Sasuta. Mmawa uno wathyola fodya wonyowa m'munda, madzi ake amulowa m'thupi. Mawa adzuka ali bwinobwino. Mwamuona nokha mmene amasewerera.”

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. “Fodya woti sanamusute aledzeretse munthu? Mayi, ine ntchito imeneyi ndayamba kale. Ana aluso owonongeka ndi mowa ndawaona ambiri, ndipo aliyense amabwera ndi mlongo wake womuikira kumbuyo.”

Abambo ena achikulire amene anaima pachingwe analowererapo. “Ayi bwana, akunena zoona mayiwa. Zimachitika kuno zimenezo.”

Bambo uja anapumira m'mwamba. Sindinganame, sanali munthu wankhanza, anali munthu wotopa amene ankafuna amalize azipita. Anati, “Chabwino, tinene kuti ndi zoona. Ndiye nditani? Ine ndimasankha chimene ndaona. Ndikamutenga n'kukagwanso kumzinda, mabwana anga ndikawauza chiyani?”

“Mumuonenso madzulo ano. Kanthawi kochepa chabe.”

“Taonani anyamata onsewa. Aliyense ndikamupatsa kawiri, tichoka liti pano?”

Ndinagwada. Ine amene kwathu amandinena kuti khosi langa ndi louma, ndinagwada m'matope pamaso pa anthu. Ndinati bwerani mawa ku Mtunthama, timu yathu ikusewera, si kutali, mukamuone ali bwino. Ndinati funsani aphunzitsi awo, funsani aliyense wa kwathu.

“Mawa tikhala tili boma lina, mayi. Galimoto si yanga. Dzukani, mukudzichititsa manyazi.”

Pamenepo ndiye zinandikwera. Ndinadzuka n'kumuuza zonse. Ndinati mwabwera dzinja, nthawi yothyola fodya, kudzasankha ana a alimi a fodya, osafunsa n'komwe kuti anawa mmawa uno anali kuti. Ndinati mwakhala pamthunzi tsiku lonse maso ali pafoni, kusaka kwake kumeneko? Ndinanena zinanso zoti sindingazibwereze pano. Anthu ena ankaseka, ena ankati auzeni. Iye anangoika wezulo pakamwa n'kuitana gulu lina.

Ndinamva wina akukoka chitenje changa. Anali mlongo wanga, ataimirira movutikira.

“Achemwali, basi. Tiyeni tizipita.”

Tsiku limenelo anasankha anyamata ochepa, onse ataliatali. Sindikuwachitira nsanje, nawonso ndi ana a anthu. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapatsira mpira ngati uja.

Pobwerera tinakweranso kabaza. Anagona pamsana pa wakabaza, ine ndikumugwirizira, misozi ikungotsika yokha. Ndinkakonza mawu oti ndikawauze kunyumba, osawapeza. Ndikanena zoona, ndiye kuti ndikuwauza abambo kuti nzeru yawo ija, imene anaiganiza pofuna kumuthandiza mwana wawo, ndi imene yamugwetsa.

Abambowo tinawapeza pamphambano, atakhala pamwala, dzuwa litapendeka. Amayi anadzandiuza pambuyo pake kuti anakhala pamenepo kuyambira masana, osadya. Atationa anaimirira atagwira msana.

“Zayenda bwanji?”

Ndinatsegula pakamwa, koma mlongo wanga anandipondako phazi. Anayesa kuima mowongoka.

“Zayenda bwino, ababa. Anati ndimatha, koma ndikadali mwana. Akuti ndidzapitenso chaka chamawa.”

Palibe amene ananena zimenezo ku Boma kuja, ndipo timuyo sinabwerenso kwathu pa zaka zake zonse zosewera. Ndinangoyang'ana pansi.

Abambo anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Anayang'ana milomo yotuwa ija, maso aja, miyendo ikunjenjemera. Anamugwira pakhosi ndi dzanja lawo lakuda ndi utomoni, n'kulisiya pomwepo kanthawi.

“Chaka chamawa,” anatero chapansipansi.

Kenako anatembenukira kwa ine, osandiyang'ana m'maso.

“Pita naye akagone. Uwauze amayi ako amuphikire phala lamadzimadzi. Fodya ameneyu amutuluka mawa.”

Ife tinalowera njira ya kunyumba. Nditacheuka ndinaona akhalanso pamwala paja, nkhope ili m'manja.