Mphuno ya a Nesta

A Nesta Mkandawire sanali dokotala, koma ine ndinaonapo madokotala akuwafunsa nzeru. Anali namwino pakachipatala kathu kufupi ndi Luwawa kuyambira 1971, ine ndili mzamba. Mayi akabwera ndi khanda, iwo asanagwire chopimira chilichonse ankalivula chipewa n'kuchinunkhiza. Azimayi ankaseka mpaka kugwira nthiti, n'kuwapatsa dzina loti NyaMphuno.

Sinali misala ayi. Miyezi yozizira makanda ankatithera, ndipo ena opulumuka ankakula ndi mphumu, pachifuwa pakulira ngati kamwana ka mphaka. Maliro aliwonse a khanda a Nesta ankapitako pa njinga, n'kufunsa mwaulemu kuti mwanayo ankagona pati, moto unali wa nkhuni zanji. Patapita zaka anatulukira kuti zipewa za ana obanikawo zinkanunkha chimodzimodzi, utsi wa paini. Amuna a kumacheka ankatola zotsalira za matabwa n'kumasonkhera m'nyumba, chitseko chili chitsekere, makamaka mkazi akakhala m'chikuta.

Mu Juni 1979 kunabwera Lettie ndi Towera, khanda la masabata atatu, likupuma mobanika. Mwana woyamba wa Lettie tinali titamuika m'manda Juni wa chaka chathacho. Ndisaname, ndinachita mantha.

A Nesta anapereka mankhwala, kenako anakwera njinga kulunjika kwa bambo wa mwanayo, Saulosi, wocheka matabwa wamakani ngati bulu. Ine ndinawatsatira.

"Adada, nyumba yanuyi ikufunika zenera, ndipo moto upite panja."

"Zenera, anesi? Kuzizira konseku? Josi, utsi womwewu, ndilo likumufunditsa mwana, mbwenu mukufuna mphepo imumalize?"

"Bulangeti ndabweretsa. Kungoti ndinamva kuti kumacheka konse palibe wocheka mowongoka ngati inu. Kapena anandinamiza? Ndikaitane anzanu ocheka aja, a Blackson?"

Mwamuna ukamugwira pa luso lake, wathana naye. Dzuwa lisanapendeke Saulosi anali atacheka khoma lake la matabwa, zenera lake lalikulu moti mawa lake mbuzi ya aneba inalowerapo n'kudya mgaiwa. Anzake, posafuna kupambanidwa, anachekanso awo, mpaka mzere wonse wa nyumba unali mazenera okhaokha. Ulendo wa kumeneko a Nesta anauyenda kasanu ndi kawiri mwezi umenewo, ati kukaona mbuzi.

Mu Ogasiti Lettie anafika kusikelo maso ali psuu. Ndinayesa kuti Towera watisiya, mpaka nditaona timiyendo tikupalasa kumbuyo kwake.

"Anesi, mwana uyu akulira chomene. Aneba akudandaula, adada ake akuti makutu agontha."

"Nanga ndikupatseni mankhwala oti akhale chete?" anaseka a Nesta.

Lettie anaseka nawo, kenako misozi inangoti mbwe.

"Ndapota, musayerekeze. Mlekeni alire. Woyamba uja ankangokhala duu, ine n'kumauza anthu kuti ndabereka mwana wofatsa."