Nthambo Yochokera Kumanda

Ndinadzuka adhana yoitanira anthu ku mzikiti isanamveke, mwera ukuwomba. Azimayi amene anachezera nafe pa maliro a bambo anali atasonkha kale moto wa mpunga. Dzuwa litatuluka kunafika achimwene anga aakulu, amene chaka chimenecho cha matipate ankafuna uphungu. Pa lole yawo panali jenereta, wailesi ya kanema, kamera ndi chimtolo cha nthambo.

Kwathu akazi sitipita kumanda. Amayi anakhala ndi bambo kuyambira utsikana wawo, ndipo chimene chinkawapweteka n'choti sadzaona pamene akuwagoneka. Achimwene anadikira kuti anthu achuluke, kenako anagwada pamaso pawo.

"Amayi, musadandaule. Muona zonse muli pakhonde pompano."

Ashehe anang'ung'udza, koma munthu amene walonjeza malata a mzikiti sumukaniza zambiri. Nthambo inayalidwa kudutsa m'munda wa chinangwa mpaka kumanda. Bwalo linadzaza ndi anthu amene sanapondeko phazi bambo akudwala, ena ochokera ku Dwambazi komwe. Kulira kunali kwa pakamwa pokha, maso ali pa galasi. Ndinanyansidwa nawo.

Itatha swala ya masana, amuna ananyamula jeneza, chonyamulira maliro, kupita kumanda. Amayi anasendera pafupi mpaka mawondo kugunda tebulo limene panali wailesi ya kanema. Chithunzi chinabwera: chinangwa, mapazi a anthu, kenako nkhope ya achimwene. Wojambula wa achimweneyo ankadziwa amene akumudyetsa. Tinaona achimwene akupukuta maso ouma, achimwene akukonza chisoti, achimwene akuuza anthu za mlatho umene adzamange akapambana. Kuseri kwa mawu awo tinkamva makasu.

"Asunthe pang'ono," amayi ananong'oneza. "Muuzeni asunthe."

Koma nthamboyo inkangobweretsa mawu, sinkapititsa. Pamene kamera inatembenuka, panali mulu wa dothi, wina akuthirapo madzi.

Madzulo lole inanyamuka, khamu lija n'kumwazikana. Achimwene anatsanzika ali kale m'galimoto, akufunsa ngati chithunzi chinkaoneka bwino. Ndinawafulatira, ndipo mpaka lero sindinawayankhebe.

M'nyumba munali zii. Amayi anakhalabe pakhonde, akuyang'ana tebulo lopanda kanthu. Nditawabweretsera tiyi anandigwira dzanja.

"Iwe mwanangu, maso ako ndi akuthwa. Unaona ngati bambo ako anawayang'anitsa ku Maka?"

Ndinanama kuti ndinaona.