Wailesi Ilibe Mlongo

Wailesi ya amalume inali yofiira, yothyoka chogwirira, yomangidwa pamimba ndi mphira wa chubu cha njinga kuti mabatire asagwe. Anakaigula ku Chipata. Dzinja limenelo inkakhala pamtanda wa chigafa, ife tikusoka fodya pansi pake: amayi, mng'ono wawo amene tinkati amayi aang'ono ali ndi khanda kumsana, ndi ine wa Sitandade 4, ntchito yanga kupatsira masamba. Zala zinkada ndi utomoni, zinkamatana. Mpaka lero ndikamva fungo la fodya wamuwisi, m'makutu mwanga mumabwera kaphokoso ka wailesi ija, konga mvula ikali patali.

Matipate anali atabwera, ndipo wailesi inali itasiya manyazi. Inkanena chilichonse. Chaka chimenecho inkangonena za kolera, nyimbo ikangotha basi. Phitsani madzi akumwa. Musasambe m'manja m'beseni limodzi, thiriranani. Munthu akamwalira ndi matendawa musasambitse thupi lake, musaphike pamaliro. Amalume zikawakwana ankapotokola kuti agwire ya ku Zambia, n'kupeza nayonso ikulalikira zomwezo m'Chinyanja chawo chija. "Koma ndiye maboma agwirizana," ankatero, n'kuseka.

Kusukulu aphunzitsi anatiimika pamzere pansi pa mtengo wa mango. "Inu ndinu mawailesi osalira mabatire," anatero. "Kafikeni nazo kwanu." Ine mtima wanga unali wapachala kuyambira kale, sunayambe lero ayi. Kwathu mwambo unali wakuti amalume ayambe kusamba m'manja, kenako mlendo ngati alipo, ine pomalizira, madzi atasanduka ngati tiyi. Tsiku limenelo ndinangofika n'kuligudubuza beseni ndi phazi, amalume atapisamo kale manja. Khutu lakumanzereli likukumbukabe. Mawa lake amayi anabwera ndi kapu, nagwada, n'kuwathirira amalume madzi m'manja. Amalume anang'ung'udza kuti akusambitsidwa ngati wodwala, komabe manja anatambasula.

Mkati mwa Febuluwale amayi aang'ono anapita kumaliro kutsidya kwa malire, kwa achibale a amuna awo. Anabwerako ali bwinobwino, akutiseka kuti tasoka mikangala ya fodya yochepa. M'mawa mwake sanadzuke. Ndikukumbuka maso awo atalowa m'kati, ndi khungu la padzanja limene amayi ankati akalitsina linkangokhala chitsinire. Anawamwetsa madzi a mchere ndi shuga monga inkanenera wailesi, koma ankangobweza. Amalume anamanga ng'ombe pangolo. Msewu unali phala lokhalokha, mtsinje utadzaza. Kuchipatala sanafikeko. Dzuwa litapendeka tinamva mateyala a ngolo akubwerera, pang'onopang'ono, popanda wokuwira ng'ombe.

Kwathu munthu sapita ndi litsiro. Mzimayi amasambitsidwa ndi azimayi anzake, amamudzoza mafuta, amamupesa, amamumanga duku. Choncho azimayi akuluakulu anabwera monga mwa nthawi zonse, wina ndowa pamutu, wina sopo m'manja. Anapeza amayi ataima pakhomo, khanda la mng'ono wawo lili kumsana kwawo tsopano.

"Musalowe ndi madziwo," anatero amayi.

Anthu anayang'anana. Amalume anabwera, matope mpaka m'maondo. Iwo ndiwo anali mwini mbumba, mawu otsiriza anali awo.

"Mlongo wanga apite ngati mbuzi? Chifukwa cha wailesi? Wailesi ilibe mlongo iyo!"

Amayi anagwada, koma pakhomo sanachokepo. "Achimwene, mbumba ndi yanu. Ndichoka mukanena. Koma tayang'anani kaye ana ali pabwalowa, mundiuziretu amene tikamukumbire mawa."

Khanda linayamba kulira. Amalume anaima nthawi yaitali, akuyang'ana kaphazi kake kotuluka pansi pa nsalu. Kenako anatenga njinga yawo n'kunyamuka. Anabwerako ndi alangizi a zaumoyo, atavala magolovesi, atanyamula mpope kumsana wonga wopopera mbewu. Fungo la mankhwala aja linalowa paliponse, mpaka m'fodya. Amayi aang'ono anakulungidwa m'pulasitiki yakuda, naikidwa tsiku lomwelo. Moto sunayake pamaliro. Anthu ochokera kutali anabwerera ndi njala, akuyankhula.

Lero ndimapalasa kabaza pa boda, ndipo ndimanyamula anthu ophunzira, ena a m'maofesi a zaumoyo momwemo. Wina akayamba kunena kuti anthu akumudzi samva, ndimafuna kumutsitsa panjira pomwepo, ndalama yake akhale nayo. Timamva ife. Wailesi sinaname, zimenezo sindikana. Koma inkanena zija ndi mawu omwewo amene inkatsatsira sopo, kenako n'kuika nyimbo. Palibe anatiuza kuti munthu achite nawo chiyani manja ake, m'bale wake ali gone m'nyumba osasamba.

Kuchitsime azimayi ankasiya kuyankhula amayi akafika. Kusukulu mnyamata wina wa Sitandade 6 anandiuza kuti amako anataya mng'ono wawo m'jumbo ngati nyama ya pamsika. Anali wamkulu kuposa ine, koma dzino lake linatsala pabwalo la mpira. Aphunzitsi anandikwapula, kenako anandiperekeza mpaka kunyumba, chinthu chimene sanachitepo. Anakhala pampando, chipewa pabondo, nauza amayi kuti, "Mayi, ine ndimangophunzitsa. Inu mwachita." Amayi anangoti zikomo, maso ali pansi.

M'nyumba mwathu simunadwalenso wina. Khanda lija amayi analilera ndi phala la mgaiwa, ndipo lero ndi mtsikana wa kusekondale, kumene ine sindinapondeko.

Zovala za amayi aang'ono alangizi analamula kuti ziotchedwe. Amayi anapempha nsalu imodzi yokha, yobiriwira yamaluwa achikasu. Anawalola atainyika m'mankhwala mpaka maluwa anafwifwa. Nsaluyo sanaivale, sanaberekere mwana. Koma Loweruka lililonse, mpaka fodya anatha m'munda, ankandituma madzi, n'kuwafunditsa pamoto. Ankaiyala pamwala kuseri kwa nyumba. Sankaimenyetsa pamwala monga amachitira pochapa. Ankaithira madzi ndi chikhatho, pang'onopang'ono, kuyambira kumutu kwake mpaka kumapeto, milomo ikuyenda. Akatero ankaipukuta ndi nsalu ina youma, n'kuipaka timafuta.

Ine zinkandipsetsa mtima. Chitsime chinali kutali, sopo anali wosowa, ndipo nsaluyo inali yoyera kale. Tsiku lina ndinaponya ndowa pansi, madzi n'kuwathovukira kumapazi.

"Nsalu yosavala imada ndi chiyani?" ndinakalipa. "Nanga madzi ofunda ndi a chiyani? Nsalu imamva kuzizira?"

Amayi sanandikalipire. Anapisa chala m'madzi otsala, nati, "Kaike pamoto, mwanawe. Sankawakonda ozizira."

Ndinapita nawo kumoto ndikung'ung'udza, ndikudabwa kuti amayi ayamba kulakwitsa Chichewa, kuitchula nsalu ngati munthu.